Batani Lachiwiri

Soketi ya m'shopu mwanga inapsa Lachisanu masana, ndili pakati pa mutu wa munthu. Mbali imodzi ndinali nditameta, mbali inayo idakali tchire, kenako kunangomveka kuti thu, kafungo ka waya wopsa, makina zii. Mwini mutuwo anali mphunzitsi wa masamu, munthu amene kuseka anakusiya kalekale, ndipo madzulo omwewo ankayenera kukaonekera kwa mabwana ake. Anadziyang'ana pagalasi, kenako n'kuyang'ana ine.

"Lumo, ndituluke chonchi?"

"Ndi sitayilo yatsopano, aphunzitsi. Amati theka ndi theka. Masamu anu omwewo."

Sanaseke. Anangoyang'ana wotchi.

Shopu yanga ndi chipinda chakutsogolo cha nyumba imene timakhala. Kuseri kwake kuli kachipinda kosungiramo tsache, zidebe ndi zina zosowa pokhala, ndipo mmenemo muli soketi imodzi yokha. Pa soketiyo panali firiji. Ndinakoka chingwe chachitali, n'kuzula pulagi ya firiji, n'kulowetsa yanga. Mumtima ndinati ndi mutu umodzi wokha, mphindi khumi basi, firiji siingakomoke ndi mphindi khumi. Koma Lachisanu mitu siibwera umodzi. Atachoka mphunzitsi kunabwera dalaivala, pambuyo pake amakaniko atatu, kenako mdala wina wadazi amene amabwera mlungu uliwonse kuti ndimumete tsitsi limene kulibe. Loweruka ndiye musanene. Lamulungu ndinagona ngati thumba la simenti. Pulagi ya firiji ija inangokhala pansi pomwe ndinaiponya.

M'firijimo munalibe nyama kapena zakumwa. Munali mkaka wa akazi anga.

Mwana wathu ali ndi miyezi isanu ndi iwiri, ndipo timamutchula kuti Kapitawo chifukwa chibadwire ntchito yake ndi kulamula anthu. Amake atamubereka, mkaka unabwera wokwanira ana atatu. Kapitawo ankayamwa mpaka kugwa ngati chidakwa, koma mkaka osatha. Mabulauzi kunyowa, mawere kulimba ngati miyala, munthu wamkulu kumalira atagwira khoma. Tsiku lina kusikelo namwino anawauza kuti kuchipatala chachikulu kuli chipinda cha ana obadwa masiku asanakwane. Ena amayi awo mkaka sunabwere, ena amayi awo ali chigonere m'wodi ina, ena amayi awo kulibenso. Tiana totere mkaka wa m'chitini umatipweteka m'mimba, timafuna wa munthu. Akazi anga anapita, anawayeza magazi, anawabwereka kapampu kamanja ndi timabotolo, n'kuwaphunzitsa malamulo ochuluka kuposa a pamsewu.

Ine ndinkawaseka, poti ndi mmene ndinabadwira. Ndinkati tikhome chikwangwani panja, mbali ino kumeta, mbali iyo fakitale. Ndinkawafunsa ngati antchito a m'fakitalemo amakhala ndi tchuthi. Miyezi yoyamba ankaseka nane. Kenako anayamba kungondiyang'ana. Iwo ndi telala, makina awo ali pakhonde lakuseri, ndipo madiresi a anthu sadikira. Ndiye kukacha asambe m'manja, awiritse pampu, akame, alembe tsiku ndi nthawi pabotolo, aike m'firiji, ayamwitse Kapitawo, asoke. Masana chimodzimodzi. Madzulo chimodzimodzi. Dzanja lomwe lagwira sizasi tsiku lonse ndi lomwelo lofinya pampu. Miyezi isanu choncho, ine ntchito yanga n'kungonyamula katunduyo kupita naye kuchipatala firiji ikadzaza.

Mlungu umenewo anali atanena kale. "Abambo ake, awa ndi omaliza. Lachitatu mukakapereka mukabwezenso pampu yawo. Ndatopa. Ndikufuna thupi langa libwerere kwa mwini wake."

Munali mabotolo makumi anayi ndi limodzi, ntchito ya mwezi wathunthu.

Limodzi mwa malamulo aja linali la batani. A Sisitala a kuchipindako, mayi wamtali wolankhula ngati mawu amachita kugula, anawauza kuti aike madzi m'kapu aundane, kenako aike batani lachitsulo pamwamba pake, kapuyo izikhala m'firiji momwemo. Magetsi akazima inu kulibe, zonse n'kusungunuka, magetsi n'kuyakanso, mabotolo amaundananso bwinobwino ngati palibe chachitika. Koma batani limamira, n'kukaundanira pansi. Ukalipeza pansi, mkaka wonsewo ndi wotaya. Akazi anga anasankha batani la jinzi, n'kumalizonda m'mawa uliwonse ngati wodwala. Koma Lachisanu lomwelo m'mawa anali atanyamuka ndi Kapitawo kupita kwa apongozi, amene anaterereka kubafa n'kuthyoka dzanja. Mlonda wa batani anatsala ine.

Lolemba m'mawa ndinalowa m'kachipindamo kukatenga tsache, ndilibe nsapato, n'kuponda madzi. Ndinaima pomwepo. Phazi linadziwa mutu usanadziwe. Nditatsegula chivindikiro, kumaso sikunabwere kuzizira kulikonse. Mabotolo anali pamzere mmene anawasanjira mwini wake, koma mkaka utasungunuka, mafuta atayandama pamwamba, wofunda ngati tiyi woiwalika. Ndinagwira limodzi, n'kugwira lina, kuti mwina lilipo limene silinamve nkhaniyo. Onse anali atamva.

Ndinabwezera pulagi, ndinakolopa, ndinatseka. Ndinaitana wamagetsi kuti akonze soketi ya m'shopu. Tsiku lonse ndinameta anthu ndikuyeserera mawu mumtima. Ndinali nawo abwino ndithu, oyamba ndi "amayi, khalani pansi."

Akazi anga anafika dzuwa litapendeka, Kapitawo kumbuyo, chikwama kumanja, maso atalowa m'kati. Masiku anayi akusambitsa amayi awo, kuwadyetsa, kuchapa, mwana akulira malo achilendo. Anakhala pansi ndisanawauze. Anavula nsapato imodzi, inayo anaiiwala kuphazi.

"Kuno kuli bwanji?"

"Kuno kuli bwino. Nyumba sinathawe."

"Firiji?"

"Ikulira ngati kale. Tamverani."

Inkaliradi. Sindinaname, ndinangoisiya firiji indiyankhire.

Lachiwiri m'mamawa, iwo akuyamwitsa, ndinakasuzumira. Zonse zinali zitaundananso gwa, zoyera, zokongola ngati za m'sitolo. Kapu yokha ndi imene inandiyang'ana. Ndinali nditaiiwala. Batani linali pansi, litatsekeredwa m'madzi oundana. Kulitulutsa kunkafuna madzi otentha ndi nthawi, ndipo kukhitchini kunali eni ake. Ndiye ndinapita pakhonde, ndinatsegula chitini chawo cha mabatani, ndinasankha lina la jinzi, n'kukaliika pamwamba. Kapuyo ndi ya pulasitiki yobiriwira, yosaonekera m'kati. Lapansilo kuti ulione uyenera kukhala ukulifuna.

Musaganize kuti ndinalibe mfundo. Wometa sasowa mfundo. Ndinati kuchipatala mkakawo amautenthetsa m'makina awo, amauyezanso. Ngati wawonongeka makina adzanena, adzautaya mwakachetechete, akazi anga adzapuma akudziwa kuti anamaliza bwino. Walira ndani pamenepo? Mfundoyo ndinaiona kutsogolo, ndinaionanso kumbuyo ndi kagalasi kakang'ono, ndinati yametedwa bwino.

Lachitatu analawirira kulongedza. Anasanja mabotolo m'bokosi lozizira, n'kuwatchinga ndi mapaketi a ayezi. Kenako anatenga fomu. Pafomupo pamakhala mafunso: mwadwalapo, mwamwapo mankhwala, ndipo lomaliza limafunsa ngati mkaka unasungunukapo. Anasuzumira m'firiji.

"Lili pamwamba," anatero, n'kuchonga, n'kusayina dzina lawo lonse, pang'onopang'ono, kalilime kali panja monga amachitira polowetsa ulusi pasingano.

Pampu anaitsuka, anaipukuta, anaikulunga m'kansalu katsopano komwe anachita kukapinda m'mphepete.

"Mukawathokoze a Sisitala. Mukanene kuti fakitale yatseka."

Kanali koyamba m'miyezi itatu kuti andibwezere nthabwala yanga. Ndinaseka mochedwa.

M'basi bokosilo ndinaliika pamiyendo. Kondakitala anafuna kulikankhira pansi pa mpando, ndinamukaniza. Anafunsa ngati muli nsomba, ndinati muli chakudya cha mabwana. Anthu anaseka. Ine ndinangomva kuzizira kukulowa m'mawondo ulendo wonse.

Chipindacho chili pansanjika yachitatu, kumapeto kwa khonde lalitali lonunkha mankhwala okolopera. Pakhomo umavula nsapato, umasamba m'manja mpaka m'zigongono. A Sisitala anali m'kati ndi mwana wina, ndiye anandikodola kuti ndidikire pabenchi. Masiku onse ndimangosiya bokosi n'kuthawa, chifukwa malo amenewo nthabwala sizimera. Tsikuli ndinakhala.

Moyang'anizana ndi benchi munali kachipinda kosatseka. Mmenemo munakhala bambo wina wamapewa akuluakulu, malaya atatsegula, manja odzaza zipsera za moto. Wowotcherera zitsulo, sindinachite kufunsa. Pachifuwa anali atamangirira nsalu, ndipo m'nsalumo munkasuzumira kachipewa koluka, kakang'ono ngati chivindikiro cha ketulo.

"Achimwene, inu ndi a mkaka?" anafunsa motsitsa mawu.

"Ine ndine wonyamula chabe. Ng'ombe ndaisiya kunyumba."

Anafuna kuseka koma anadzigwira, kuopa kugwedeza chifuwa. "Musandiseketse, agwa abwanawa. Ndakhala chonchi chiyambire sikisi koloko. Msana wanga sindikuumvanso."

"Amake ali kuti?"

"Pansipa, kwa odwalitsitsa. Mlungu wachiwiri uno. Dzulo anatsegula maso, n'kundifunsa ngati ndinatseka geti ya kuntchito." Anapukusa mutu. "Mkaka alibe. Ndiye ifeyo tikudya za anthu. A Sisitala akuti pashelefu patsala mabotolo asanu ndi limodzi, ana ofuna alipo asanu ndi anayi. Nditakuonani mukulowa ndi bokosi, mtima wanga wakhala pansi."

Kachipewa kaja kanatsetsereka n'kuphimba diso. Bamboyo anayang'ana manja ake, n'kuyang'ana anga.

"Tandithandizani. Angawa ndi okhakhala, ndimaopa."

Ine mitu ndagwira yambiri. Ya maloya, ya akuba, ya anthu ometa kuti akapemphe ntchito, ya ometa chifukwa ntchito yatha. Mutu ngati umenewo ndinali ndisanauonepo pafupi. Unali ngati lalanje, khungu lopyapyala, mitsempha kuonekera, paliwombo pakugunda. Tsitsi linalipo, lofewa ngati utsi. Koma mbali imodzi, pamwamba pa khutu, panali pometedwa, pokhotakhota.

"Wameta ndani apa? Ameneyu ndimulande lumo."

"A Sisitala. Mitsempha ya m'manja inakana singano, ndiye diripi anaiika pamutu. Kawiri. M'mimba munatupa, anamusiyitsa kudya masiku asanu. Akuti timatumbo take ndi topyapyala ngati kapepala kokulungira fodya, kachilombo kamodzi kokha kakwanira." Anayang'ana pansi pa chibwano chake. "Wayambanso kudya Lamulungu. Tikudya, eti abwana?"

Ndinabwezera kachipewa. Zala zanga, zomwe zimayendetsa lumo pakhosi pa munthu ine ndikukamba za mpira, zinachita pang'onopang'ono ngati zagwira dzira.

"Bambo a Kapitawo, lowani," anaitana a Sisitala.

Kachipinda ka mkaka kali ndi mafiriji awiri, sinki ndi mpando umodzi. Anatsegula bokosi, anawerenga fomu, n'kuyamba kutulutsa mabotolo. Maso awo anali ofiira ngati a munthu amene wasenda anyezi mlungu wonse.

"Makumi anayi ndi limodzi," anatero. "Mayi amenewa Mulungu awasunge."

"A Sisitala, ndifunseko za mnzanga wina."

"Funsani."

"Mnzangayo ali ndi firiji. Tinene kuti inapumulako pang'ono."

"Pang'ono bwanji?"

"Tinene Lachisanu masana."

"Mpaka?"

"Tinene Lolemba."

Dzanja lawo linaima m'malere, botolo lili m'manja. Sanatembenuke.

"Mnzanuyo ndi wometa?"

"Amayesera. Koma paja mumautenthetsa. Makina anu aja."

"Makina amapha tizilombo. Zimene tizilomboto tasiya mumkaka masiku atatu, makina sachotsa. Ndipo sitiyeza botolo lililonse palokha. Timasakaniza ndi wa amayi ena, n'kuyezapo pang'ono. Mukanawononga ndi wa anzanu womwe." Ankanena mopanda ukali, ngati akuwerenga mita ya madzi. "Fomuyi asayina ndi amayi. Akudziwa?"

"Sakudziwa. Anaona batani pamwamba. Ndinaikapo lina."

Apa ndiye anatembenuka. Ndinadikira kuti andikalipire, ndipo ndinkafuna atatero, chifukwa munthu akakukalipira umapepukidwako. Koma anangokoka mpando, n'kukhala, n'kuvula magalasi, n'kutikita maso.

"Zaka khumi ndi ziwiri ndikuphunzitsa anthu za batani," anatero. "Sindinaganizepo kuti ndiziwauzanso kuti likhale limodzi."

Anandipatsa cholembera chofiira. Lamulo la mmenemo ndi loti botolo lotaya lilembedwe mtanda lisanatsanulidwe, kuopa kuti wina wotopa angalibwezere m'firiji.

"Lembani nokha. Ine ndili ndi ana."

Ndinatsala pasinki ndi mabotolo onsewo. Ndinali nditawanyamula miyezi isanu, koma zolembedwa pamwamba pake ndinali ndisanaziwerengepo. Pa lililonse panali dzanja la akazi anga, tsiku ndi nthawi. Faifi koloko m'mawa. Kota tu faifi. Wani koloko masana. Pena analemba tsiku molakwitsa n'kufufuta. Pena panamatirira kaulusi kofiira. Oyambirira a mweziwo anali odzaza mpaka m'khosi. Apakati, kupitirira theka pang'ono. Omalizira, zala zitatu, zala ziwiri, koma nthawi yake yomweyo ya m'mawa. Mkaka unali ukuchepa, iwo n'kumaukakamiza, ine ndili m'shopu kusimbira anthu za fakitale.

Nditamaliza, a Sisitala anabwerera n'kunyamula kansalu ka pampu.

"Iyi nditenge kapena mubwerera nayo?"

"Anati atopa."

"Ndikudziwa. Ndinawaona nkhope mwezi watha. Sindiwapempha, ndipo inunso musakawapemphe. Achita zokwanira." Anayang'ana pampuyo, anayang'ana firiji yawo. "Koma ikangokhala m'kabati muno siikama munthu. Tengani. Foni sindiimba. Mukanene ndi pakamwa panu."

Potuluka, wowotcherera uja anandikwezera chala chachikulu. Ine ndinawerama n'kumavala nsapato ngati ndi ntchito yofuna maso onse awiri.

Kunyumba, akazi anga ndinawapeza pakhonde akusoka, Kapitawo ali pansi akutafuna tepi yoyezera. Anaona kansalu kaja m'manja mwanga ndisanatsegule pakamwa.

"Pampu yabwereranji?"

Ndinanena mmene zinayendera, kuyambira pa soketi mpaka pasinki. Sindinathiremo mchere. Iwo sanasiye kupalasa makina. Anamaliza msoko wonse mpaka kumapeto, anadula ulusi ndi mano, n'kutembenuza nsalu.

"Onse?"

"Onse."

"Ndi aang'onoang'ono aja?"

"Onse, amayi."

Anagwedeza mutu ngati ndawauza kuti kunja kukubwera mvula. Anachotsa tepi m'kamwa mwa Kapitawo, iye n'kuyamba kulamula, iwo osamumva.

"Mukanandiuza Lolemba ndikanakutukwanani, ndikanalira, Lachiwiri n'kuiwala. Pulagi aliyense amazula. Koma munaima apo, pambali panga, ine ndikulemba dzina langa."

"Ndinaona mmene munatopera."

"Ndiye munaona kuti ndipume, mwana wa munthu atupe m'mimba?"

Ndinakhala pansi pafupi ndi makina awo.

"Nditukwaneni, amayi."

"Mphamvu zake ndizitenga kuti?" Anapinda nsalu ija kanayi, n'kuiika pambali. "Sindiyambiranso. Musandiyang'ane choncho, sindiyambiranso. Ngakhale nditafuna, mwaona nokha zomwe zikutuluka."

"A Sisitala anati ndisakupempheni."

"Ali ndi nzeru. Kwatsala angati kumeneko?"

"Asanu ndi limodzi. Ana ndi asanu ndi anayi."

Anatseka maso. Ndinayesa agona, chifukwa masiku ano amatha kugona ali chikhalire. Kenako anatambasula dzanja n'kukoka mulu wa zovala zodikira kusokedwa. Anatulutsa bulauzi yachikasu.

"Iyi ndi ya akazi a wabutchala. Abwera kawiri kuti ndiwakulitsire pachifuwa, mwana ali ndi milungu isanu ndi umodzi. Taonani madontho awa, sopo walephera." Anatulutsa diresi. "Iyi ndi ya mayi wa kusitolo ya mankhwala. Anandipempha ndiwasokere timapilo tam'kati, akuti akusintha katatu patsiku. Palinso mlongo wake wa dalaivala wanu uja, koma iyeyo ndi wamanyazi, muyambe mwalankhula ndi amayi ake."

Za m'mabulauzi a anthu telala amazidziwa kuposa dokotala.

"Ndikawaitane abwere kuno?"

"Mupite inu. Ine ndalankhula ndi thupi miyezi isanu. Pakamwa panupo pamadya tsiku lililonse, lero pagwireko ntchito. Mukawauze kuti ayamba akayezedwa magazi, si zongofinyira m'kapu. Ndipo akakufunsani chifukwa chake shelefu ili pululu, musakanamizire magetsi."

"Ndikanene chiyani?"

"Zomwe mwandiuza inezi."

Anadzuka, ananyamula Kapitawo, n'kulowa kuchipinda dzuwa likadali pamutu. Chitseko sanamenyetse. Anangochitseka bwinobwino, n'kukhoma.

Pakhomo pa shopu panali anthu awiri akudikira. Ndinawauza kuti makina adwala. Nyumba ya wabutchala ili kuseri kwa msika, ya geti yabuluu. Ndinagogoda. Anatsegula yekha, epuloni yamagazi idakali m'khosi, munthu wake wamtali moti pomumeta ndimatsitsa mpando mpaka pansi.

"Lumo! Wayamba kumeta m'makomo?"

"Ayi, akulu. Ndabwera ndi nkhani ya mawere a akazi anu."

Anandiyang'ana. Anayang'ana kansalu kali m'manja mwanga. Anapukuta manja paepuloni, chala chimodzichimodzi.

"Bwereza," anatero, "koma uyambire kutali."

Kumbuyo kwake katani inagwedezeka. Mayi anasuzumira, khanda lili paphewa, thaulo litapindidwa pachifuwa, tsitsi loluka mbali imodzi yokha.

"Mulowetseni," anatero mayiwo. "Ngati ndi zochepetsako izi, ndimumvera. Koma alankhule titakhala, ine kuima ndatopa."